Ku Joni pa ndege ndi amayi

Lamlungu usiku, Area 25

Nyumba yonse ikununkha usipa. Amayi atsika minibasi ya ku Dedza madzulo ano ndi matumba atatu: lina la ufa woyera, lina la nyemba ndi mtedza, lachitatulo sindinalifunse chifukwa fungo lake linayankha lokha. Mchemwali wanga wa ku Joni anachira masabata atatu apitawo, mwana wamwamuna, ndipo alamu anatumiza ndalama ya matikiti awiri a ndege ati amayi asakavutike pa basi ndi miyendo yawo yotupatupa ija. Ine ndine woperekeza chabe.

Ku Joni si kwachilendo kwa ine. Ndapitako kasanu kukapikula katundu, koma ulendo uliwonse pa basi, ndipo msewuwo ndimaudziwa ngati njira ya kuchigayo. Kuchoka mu Lilongwe mpaka pachipata cha Dedza, kulowa Mozambique, kuoloka Zambezi pa Tete, kudzaima pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kenako Beitbridge, pamene munthu umakalambirapo. Ukaoloka Limpopo ndiye Musina, Polokwane, mpaka Park Station. Ulendo umene ndinafulumira kwambiri unanditengera maola 32.

Ndiye lero nditawauza amayi kuti tikanyamuka masana tikadya chamadzulo kwa mwana wawo, anandiyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu.

"Iwe, ine ndine mayi wako. Usandipusitse."

Ndinawaonetsa tikiti pa foni. Yalembedwa kuti maola 2 ndi mphindi 25. Sanakhutire, ndipo kunena zoona nanenso mumtima ndinali ndi mafunso anga, moti atagona ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsa. Kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pabwalo la OR Tambo, ukatambasula chingwe mowongoka pamapu, ndi makilomita pafupifupi 1,490. Pamsewu ndi makilomita opitirira 1,800. Chandidabwitsa n'chakuti kusiyanako si kwakukulu monga ndinkaganizira. Zaka zonsezi ndimayesa kuti basi imazungulira dziko lonse lapansi, chikhalirecho njira yake siyokhota kwenikweni. Chimene chimadya nthawi ndi liwiro la basi komanso kuima. Malire atatu, ndipo pamalire alionse mumadinditsa kawiri, potuluka ndi polowa. Mizere isanu ndi umodzi, katundu kutsitsidwa n'kukwezedwanso.

Tabwereka sikelo kwa amayi ogulitsa chimanga pafupi ndi pathu. Thumba la ufa lokha lapyola mlingo wa pa tikiti. Tachotsako ndowa imodzi amayi akung'ung'udza, ati mdzukulu wawo akayamwa chiyani ngati mayi ake akudya nsima ya mgaiwa wa m'mashopu.

Lolemba

Tinanyamuka pakhomo 9:30 m'mawa, ngakhale ndege inali ya masana. Amayi anali atavala kale pofika 6 koloko, chitenje chatsopano, mpango, ndi juzi ziwiri. Kuchoka ku Area 25 kudzera ku Kanengo mpaka ku Lumbadzi si patali, koma galimoto zikuluzikulu za fodya zinali ndandanda pa M1, ndiye tinayenda mokwawa.

Bwaloli linatsegulidwa mu 1983, ndipo zaka zapitazi analikuza ndi thandizo la dziko la Japan. Ine ndinali nditangofikapo kawiri kudzachingamira anthu, kulowa mkati ayi. Pa sikelo yawo chikwama cha amayi chinapyolabe ndi makilo awiri, kusonyeza kuti sikelo ya chimanga ija imakondera mwini wake (amene mumagula chimanga ku Area 25 mwamva). Tinatsegula pomwepo anthu akuona, mtedza n'kulowa m'chikwama changa. Botolo la thobwa limene amayi anabisa m'kachikwama ka m'manja linathera pachipata chofufuzira, poti zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 salola kulowa nazo. Anamwa theka ataima chilili, theka linalo anandipatsa ine, ati thobwa satayira pansi.

Ndinaganiza zolemba nthawi ya chilichonse kuti ndidzaone ngati tikiti imanena zoona. Chitseko anatseka 1:20. Ndege inabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati ngolo kupita kumapeto kwa msewu wake, n'kuima. Amayi anati, "Basi yafa?" Asanamalize n'komwe, injini zinabangula, msana unakanirira kumpando, ndipo 1:34 matayala anasiya nthaka.

Apa ndiye ndinaona zala za amayi. Kolona anali ataikulunga kudzanja lamanja, dzanja lamanzere atandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zasiya zizindikiro mpaka pano. Maso anatseka, milomo ikugwedera. Pansi minda ya chimanga chokololedwa kale inasanduka tizigamba tofiirira, misewu ya fumbi ngati ulusi. Makutu anga anatseka, ndinameza malovu kangapo mpaka anatseguka. Patapita mphindi ngati khumi amayi anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati tanyamuka. Nditawauza kuti tili kale mu Mozambique anati ndikunama, poti palibe amene watidinda.

Tinakhala mbali ya kumanja, ndipo tinachita mwayi chifukwa mwezi wa Juni kumwamba kumayera. Pasanathe theka la ola ndinaona madzi aatali akunyezimira chakumadzulo, otambalala pakati pa mapiri. Imeneyo ndi Cahora Bassa, nyanja yochita kutseka pa mtsinje wa Zambezi, khoma lake linamalizidwa mu 1974. Magetsi ambiri opangidwa pamenepo amapita ku South Africa pa nthambo zotalika makilomita pafupifupi 1,400, zimene zimakathera pafupi ndi Johannesburg. Tinganene kuti tinali paulendo umodzi ndi magetsiwo. Pa basi Zambezi timamuoloka ku Tete thukuta lili kamukamu, titayenda kale theka la tsiku. Lero ndinali ndisanamalize n'komwe kumasula kapaketi ka chakudya.

Nditatchula 1974 amayi anakhala chete kanthawi. Kenako anayamba kulankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kumpando wa kutsogolo. Bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, anali a ku Theba, amuna aja opita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Masiku amenewo a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ankanyamula amuna athu pa ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kuchoka kumeneko n'kukwera sitima ya pamtunda kupita kumigodi. Mu Epulo 1974 ndege ina itangonyamuka ku Francistown ndi anthu obwerera kwawo, inagwa n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi. Kamuzu anakwiya n'kuletsa kulemba anthu opita kumigodi. Nkhaniyi ndinaimvapo kusukulu, koma sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu munalira maliro a munthu wamoyo. Amayi anali kamtsikana. Uthenga unafika pawailesi wopanda mayina, ndipo agogo aakazi anakhala masabata osadya bwino, kudikira. Kalata inabwera mochedwa yonena kuti agogo sanali m'ndegemo. Anadzafika okha patapita miyezi, ndi njinga, mabulangete awiri, ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka kumwalira.

"Ndiye ukandiona ndagwira kolona, usamaseke," anatero.

Sindinaseke. Ndinangowatsegulira kabotolo ka madzi.

Dziko la Zimbabwe linadutsa pansi pathu ngati nsalu yofiirira yoyanika. Mzere wowongoka wa pamapu uja umasiya Harare chakumadzulo n'kukaoloka Limpopo pafupi kwambiri ndi Beitbridge. Ndinakanikiza mphuno pazenera kufuna kuona pamalo pamene ndinagonapo pansi pa basi usiku wonse ulendo wina, koma ndinangoona mtsinje wa mchenga wokhotakhota, ndipo pomwe ndinkati ndiwaloze amayi unali utatsala kale m'mbuyo. Mtima unandiwawa pang'ono. Pansi pomwepo panali anzanga ena ali pamzere ndi mapasipoti m'manja, dzuwa likuwaotcha.

Tinatera 3:36, ndipo ndege inakaima pamalo pake 3:47. Wotchi sitinasinthe, Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi.

Zotsatirazo zinatenga nthawi yaitali kuposa kuuluka. Bwalo la OR Tambo ndi mudzi pawokha. Tinayenda makonde osatha, amayi akupuma kawiri, ndipo masitepe oyenda okha aja anawakana kwamtuwagalu mpaka tinafunafuna chikepe. Ndege zingapo zinafika nthawi imodzi, ndiye mzere wodinditsa unali wautali. Amalawi timalowa popanda viza kwa masiku 30, ndipo amayi anapatsidwa masiku awo onse. Alamu anatipeza 5 koloko itadutsa, anagwada pang'ono popereka moni kwa apongozi awo pakati pa chigulu cha anthu, azungu akutilambalala ndi zikwama zawo. Kenako tinalowa mumsewu nthawi yoweruka. Kuchoka pa R24 kulowa N3 galimoto zinali zitathithikana, magetsi ofiira okhaokha mpaka kumene maso amalekeza. Ku Randburg tafika 7 koloko usiku.

Amayi atalandira khanda m'manja analira, kenako anayamba kukalipa kuti mwana sanamufunditse mokwanira.

Lachiwiri

Ndadzuka mochedwa, ndipo ntchito yoyamba inali kuwerengetsa za dzulo. M'mwamba tinakhalamo maola 2 ndi mphindi 2. Kuchokera potseka chitseko mpaka kuima, maola 2 ndi mphindi 27. Tikiti sinaname kwenikweni. Alamu, amene amauluka kawirikawiri pa ntchito, andifotokozera kuti nthawi ya pa tikiti amaiwerenga kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo oimika mpaka pamene yaimanso kwinako, ndiye kuyenda kwa pansi kuja kumalowa momwemo. Ndege yotere ikakhazikika m'mwamba, makilomita 10 kapena 11 kuchokera pansi, imathamanga makilomita opitirira 800 pa ola. Ukagawa 1,490 ndi liwiro limenelo umapeza ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 50. Zotsalazo zimathera pokwera ndi potsika, pamene liwiro limachepa, komanso njira ya m'mwamba siwongoka ndendende ngati chingwe changa cha pamapu. Mphepo nayo imawonjezera kapena kuchotsera, n'chifukwa chake ulendo wopita ndi wobwerera sufanana mphindi zake.

Koma kuchoka pakhomo panga mpaka pakhomo pa mchemwali wanga panadutsa maola 9 ndi theka. Kuuluka kwenikweniko kunali gawo laling'ono. Makilomita ochepa a kuchokera pabwalo kufika ku Randburg anatsala pang'ono kulingana nthawi ndi makilomita 1,490 aja.

Kuno kukuzizira. Anthu a ku Dedza amanyadira kuzizira kwa kwawo ngati chuma, ndipo amayi dzulo ankati Joni sangawauze kanthu. M'mawa uno awona alamu akupala chisanu pagalasi la galimoto ndi kakhadi, anangoti "Ha!" n'kubwerera m'nyumba. Mzindawu uli pamtunda wa mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, komanso uli kum'mwera kwambiri. China chawasokoneza ndi dzuwa. Iwo anadzuka 5 koloko monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pampando kudikira kuti kuche. Kwathu mwezi uno limatuluka 6 koloko itangopitirira, kuno mpaka cha m'ma 7. Akuti dzuwa la ku Joni ndi laulesi.

Nsima ya ufa woyera yaphikidwa masana, ndi usipa wothira tomato. Mchemwali wanga wadya mitanda itatu osalankhula.

Lachitatu

Lero sitinapite kutali. Alamu anapempha theka la tsiku kuntchito kuti awayendetse amayi, ndipo tinadutsa kum'mwera kwa mzinda. M'mbali mwa msewu muli zitunda zazikulu zachikasu, zosalala pamwamba ngati tebulo, zina zitamera udzu wa apo ndi apo. Amayi anafunsa kuti ndi mapiri anji osaoneka bwino chonchi. Alamu anati si mapiri, ndi dothi lotsala pokumba golide. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo mzinda wonsewu unamera pamwamba pa migodi.

"Taimani kaye, bambo," anatero amayi.

Malo oimapo panalibe, ndiye alamu anangochepetsa liwiro. Amayi anatsitsa galasi mphepo yozizira ikulowa, n'kuyang'ana chitundacho mpaka chinabisika kuseri kwa nyumba za mafakitale. Ndinkayembekeza kuti anena zina zokhudza agogo, koma anangofunsa ngati fumbi lachikasulo limafika m'nyumba za anthu kukaomba mphepo. Alamu anati limafika. Amayi anakweza galasi.

Pobwerera alamu anatiuza kuti bwalo tinaterapo lija linkatchedwa Jan Smuts, ndipo dzina la Oliver Tambo linaperekedwa mu 2006. Anatinso misewu yake yonyamukira ndege ndi yaitali kwambiri, wina wopitirira makilomita 4, chifukwa pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka ndipo ndege yolemera imafunika kuthamanga mtunda wautali isanadzuke. Izi ndazisunga kuti ndikaziyese Loweruka.

Lachinayi

Tsiku lonse m'mashopu a m'tauni. Mabulangete asanu ndi limodzi, mapoto, nsapato za ana a sukulu, ndi ketulo ya magetsi imene mayi a kunyumba anandilamula. Miyendo ikuwawa. Palibe china cholemba, kupatula kuti amayi amusambitsa mwana lero ndipo akuti akufanana ndi ine mphuno. Mchemwali wanga wati, "Achimwene, pepani, koma tipemphera kuti isinthe."

Lachisanu

Katundu wa dzulo sangakwere ndege. Ndikanati ndilipire makilo owonjezera phindu lonse likanathera pomwepo. Ndiye m'mawa ndinapita naye kumene mabasi a kwathu amanyamukira, kufupi ndi Park Station, kuti apite pamsewu.

Kumeneko ndiye kwathu. Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zili pakamwa paliponse, zikwama zamizeremizere zija zitaunjikidwa ngati nkhokwe, mafiriji okulungidwa m'makatoni, matayala, njinga ya mwana yomangidwa pamwamba pa matiresi. Mayi wina amadyetsa mwana phala atakhala pa ndowa ya penti. Mnyamata wolemba katundu anandizindikira.

"Biggie, mwasowatu. Mpando wanu ndisunge wa pazenera?"

Nditamuuza kuti ndikwera ndege mawa anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kuitana anzake kuti adzaone bwana watsopano. Ndinachita manyazi, ngati ndawathawa. Anthu a pa basi mumadziwana. Pofika ku Masvingo mumakhala mutagawana mkate, mutabwerekana chaja, mutadziwa amene akupita kumaliro ndi amene akuthawa ngongole. Lolemba m'ndege muja bambo amene anakhala kutsidya kwa kanjira sindinamve ngakhale mawu ake. Komabe ndikakumbukira miyendo ya amayi, ndi usiku uja wa pa Beitbridge, sindinganame kuti ndikulakalaka mpando wa pazenerawo.

Basi yanyamuka 12 koloko itadutsa. Analemba dzina langa ndi nambala pa zikwama zonse ziwiri ndi cholembera chakuda, ndipo ndatenga nambala ya kondakitala.

Loweruka

Amayi atsala, akhala mpaka masiku awo atatsala pang'ono kutha. Pondiperekeza pakhomo anandipatsa kolona yawo. Ndinati nanga inu mudzagwira chiyani pobwera, anati agula ina, ndipo china, aona kuti ndege si chinthu choopsa kwenikweni, choopsa ndi masitepe oyenda okha.

Ulendo uno ndinakwera sitima ya Gautrain kuchokera ku Sandton. Mphindi 15 zokha ndinali pabwalo, ndikukumbukira maola awiri a Lolemba aja. Mtengo wake wokha ndiye umaluma.

Tikiti yobwerera inali yodzera ku Blantyre. Ponyamuka ndinawerenga chamumtima, ndipo zoonadi ndege inathamanga pansi nthawi yotalikirapo kuposa ku Lumbadzi isanadzuke, ngakhale mwina n'chifukwa choti Amalawi tinaidzaza ndi katundu. Kuchoka ku OR Tambo kufika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 1,350, kufupikirapo kusiyana ndi ku Lilongwe, ndipo tinauluka maola awiri osakwana bwino. Potsika ndinaona Shire akunyezimira, kenako phiri la Michiru lili pafupi ngati ungaligwire. Pa Chileka ife a ku Lilongwe tinakhala m'ndege momwemo, ena akutsika ena akukwera, kwa mphindi zoposa 40.

Chigawo chomaliza n'choseketsa. Blantyre ndi Lilongwe pamsewu wa M1 wodzera pa Zalewa ndi Ntcheu ndi makilomita opitirira 300, maola anayi kapena asanu pa basi. M'mwamba ndi makilomita osakwana 250. Ndege imangokwera, isanakhazikike n'komwe yayamba kale kutsika. Anatipatsa madzi okha, ndipo ndisanamalize anabwera kudzatolera mabotolo. Kudzanja lamanja kunaoneka phiri la Dedza, mitengo ya paini ili bii m'mbali mwake, utsi wa m'midzi ukukwera mowongoka. Penapake pansi pamenepo pali nyumba ya amayi yokhoma ndi loko, ndi nkhuku zimene anasiyira aneba. Ndinajambula chithunzi koma chatuluka mbuu.

Kuphatikiza zonse, kubwerera kwanditengera pafupifupi maola anayi kuchoka pabwalo kufika pabwalo, pamene popita anali awiri ndi theka. Amene mukufuna kugula tikiti muziyang'anitsitsa ngati ndege yake ndi yolunjika kapena yoima pa Chileka, chifukwa mtengo ukhoza kufanana.

Ndafika ku Area 25 dzuwa likulowa. Ana anathamangira chikwama n'kupeza muli zovala zakuda zokha ndi maswiti. Mayi a kunyumba anafunsa za ketulo. Nditatha kudya ndinaimbira kondakitala uja pa WhatsApp. Foni inalira nthawi yaitali, kenako anayankha ndi mawu a tulo, kumbuyo kukumveka injini ndi mwana akulira. Akuti pa Beitbridge anachokapo m'mawa wa lero, ndipo panopa angodutsa kumene Harare. Nyamapanda akagona pomwepo kudikira kuti kuche. Wati ndiyesenso kuimba Lolemba.